Kamakina kaja kafika aise

Aise,

Zikuyenda bwanji ku Joni kumeneko? Kuno ku Ngabu tilipo, kungoti mwera wa Juni uno wavuta, m'mawa kukuzizira moti sungakhulupirire kuti ndi konkuno komwe mu Okutobala timagona pakhonde kutentha kukadutsa madigiri 40.

Kamakina koyeza mpweya unatumiza kaja kanafika bwinobwino. Ndinayamba kukayesa panja pansi pa mtengo wa nimu, kanawerenga cha m'ma 420 ppm (kutanthauza magawo 420 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse), ndiye ndinadziwa kuti sikakunama chifukwa carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma uja, panja masiku ano ali pamenepo. Nditalowa nako mkalasi yanga ya Sitandade 5 ana anakaunjirira, wina nkukauzira mpweya ngati akukoleza moto, nambala kuthamanga mpaka ine kuganiza kuti kawonongeka. Pano ndimakapachika pakhoma lakumbuyo, kutali ndi pakamwa pa munthu komanso kutali ndi chitseko.

Aphunzitsi anzanga ankati kamaona majeremusi, ayi ndithu, kamangowerenga mpweya umene timatulutsa popuma. Nambala ikakwera ndiye kuti tikupumirana mpweya womwewomwewo, ndipo ngati wina mkatimo ali ndi TB kapena chimfine ukudziwa wekha zotsatira zake.

Masamu opezera kuchuluka kwa mpweya wabwino umene ukulowa mkalasi ndi osavuta, koma udikire kaye nambala isiye kukwera. Mwana wapulayimale atakhala pansi amatulutsa malita pafupifupi 0.004 a carbon dioxide pa sekondi. Kwathu kanakaima cha m'ma 1,420, uchotsepo 420 wa panja uja patsala 1,000 ppm, kapena kuti 0.001, ndiye 0.004 kugawa ndi 0.001 ukupeza malita 4 a mpweya wabwino pa sekondi kwa mwana mmodzi. Nthawi ya Covid mu 2021 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ankalimbikitsa malita 10 pa sekondi pa munthu. Ife sitinafike ngakhale theka amwene!

Ndinadabwa chifukwa kalasi yathu ukuidziwa, ilibe magalasi, ndi njerwa zamabowo zija mbali zonse ziwiri. Kuyang'anitsitsa, mabowo a mbali yochokera mphepo anatsekamo makatoni ndi zidutswa za masaka pothawa kuzizira ndi fumbi, ndipo amene anawauza kuti atseke ndine ndemwe mwezi wathawu. Ndinachita manyazi. Titachotsa a mzere wapamwamba okha nkutsegula chitseko pang'ono nambala inatsika ine ndikuona, ngakhale ana opanda majuzi anandiyang'ana ndi diso loipa. Mizere yapansi ndaisiya yotseka, mwana akunjenjemera sangalembe.

Pali njira ina yomwe ndikufuna kuyesa, ana akatuluka umasiya mkalasi mmene munalili nkuona nthawi imene nambala yoonjezera pa 420 ija yatenga kuti itsike ndi theka. Ikatenga mphindi 20 ndiye kuti mpweya wamkatimo ukusinthika kawiri pa ola. Ndayesa katatu pa buleki koma zikukanika, nthawi zonse pamapezeka wina wobwerera kudzatenga mbatata yake mchikwama, pambuyo pake anzake asanu.

Aphunzitsi a Sitandade 1 akufuna kukabwereka Lolemba, kumene kuja ana amakhala mothinana pansi moti ndikuchita mantha kuona nambala yake. Ukapeza munthu wobwera kumudzi unditumizireko kachaja kena, aka kayamba kale kuvuta. Mayi ako ndinawaona kumsika, ali bwino, akuti uwaimbire.

Ndine mnzako wa ku Ngabu.