Pa 3 Malichi tiphunzitse ana zomwe zidachitikadi mu 1959

Akonzi,

Chaka ndi chaka pa 3 Malichi akuluakulu a boma amapita ku Nkhata Bay, amaika nkhata za maluwa pachipilala, abusa amapemphera, kenako aliyense nkubwerera kwawo. Koma mukafunsa mwana wa Fomu 2 kuti adafa ndani, adawapha ndani, nanga pa chifukwa chanji, yankho limakhala lakuti "adafera dziko lino" basi. Vuto si la mwanayo ayi. Ife akuluakulu sitikumufotokozera.

Nkhani yake nayi. Mu 1953 atsamunda adalowetsa Nyasaland m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, eni dziko akukana poyera. Chipani cha Nyasaland African Congress chidalimbana nacho, ndipo mkangano udakula Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958. M'mbandakucha wa pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza State of Emergency (lamulo lopatsa boma mphamvu zapadera pa nthawi ya chipwirikiti), chipani chidatsekedwa, ndipo apolisi ndi asilikali adayamba kugwira atsogoleri pa ntchito yomwe adaitcha Operation Sunrise. Dr Banda adamutenga kunyumba kwake ku Limbe nkukamutsekera kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), komwe adakhala mpaka pa 1 Epulo 1960. Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza adali m'ndende yomweyo. Ena ambiri adawaunjika kundende ya Kanjedza ku Limbe. Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200, adalowa m'ndende ndi khanda longobadwa kumene.

Ku Nkhata Bay, omangidwa adawalowetsa m'sitima ya Mpasa yomwe idaima padoko. Abale awo adakhamukira kudokoko kukafuna kuti awamasule, ndipo asilikali adawaombera. Lipoti la komiti yomwe adatsogolera woweruza Patrick Devlin lidati pamalopo padafa anthu 20, pomwe eni dera amawerenga 31. Kusiyana kumeneku tisamabise. Mwana afunse yekha kuti ankawerenga maliro ndani, nanga adasiyidwa ndani. Lipoti lomwelo lidati m'dziko lonse mudafa anthu 51, omangidwa adaposa 1,300, ndipo silidapeze umboni wa chiwembu chopha azungu onse chomwe boma lidanamizira pogwira anthu.

Chidaononga tsikuli nchiyani? Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pa 3 Malichi munthu sunkaloledwa kugwira khasu kapena kutsegula sitolo, wailesi inkangoimba nyimbo zachisoni, ndipo wopezeka akugwira ntchito ankaona zakuda m'manja mwa achinyamata a chipani. Anthu adaphunzira kuopa tsikulo, osati kulimvetsa. Mantha atatha mu 1994, chidatsala ndi holide chabe.

Komatu phunziro lenileni lili m'malamulo oyendetsera dziko lino, ndipo ndi lomwe tikupempha aphunzitsi kuti aziyala pambali pa nkhani ya 1959. Armitage adalengeza yekha, popanda woimira Amalawi womufunsa. Lero gawo 45 likuti Pulezidenti sangalengeze State of Emergency popanda chilolezo cha komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo, ndipo angatero pokhapokha pali nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo ya pachiweniweni kapena ngozi yaikulu yachilengedwe. Chilengezocho chimatha mphamvu pakadutsa masiku 21. Kuti chipitirire pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, ndipo Khothi Lalikulu lili ndi mphamvu younika ngati chidalengezedwa motsata malamulo. Ngakhale pa nthawi yotere, boma silingachotse ufulu wokhala ndi moyo kapena kuloleza kuzunza munthu. Gawo 42 likuti womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48. Gawo 38 likuteteza ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, popanda zida, womwe ndi ufulu umene anthu a padoko paja adaufera. Kuti lamulo lolembedwa silikwanira palokha tidaona pa 20 Julayi 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 adaphedwa pa zionetsero, malamulo omwewa alipo kale.

Zofunika sizodula. Popeza pa 3 Malichi sukulu zimakhala zotseka, phunzirolo lichitike sabata yam'mbuyo mwake, ola limodzi, magawo atatuwa atalembedwa pabolodi m'Chichewa, Chitumbuka, Chitonga kapena Chiyao malinga ndi dera. Bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi demokalase la NICE, lomwe lili ndi maofesi m'maboma, ligwirizane ndi mafumu kujambula mawu a agogo omwe adaona zimenezi ndi maso. Amene adali ndi zaka 15 mu 1959 lero adadutsa zaka 80, ndiye tikazengereza tidzapeza manda. Mawailesi a m'madera aziwerenga maina a ophedwa limodzi ndi midzi yawo, chifukwa magazi sadakhetsedwe ku Nkhata Bay kokha. Ndipo pamwambo weniweniwo, okonza pulogalamu azipereka mpata kwa mabanja a ofedwa kulankhula andale asanatenge maikolofoni, zovala za makaka a zipani zitatsala kunyumba.

Aphunzitsi a mbiri yakale opuma pantchito,
Zomba