Kalata yochokera ku Chibavi

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno ku Mzuzu tilipo, kungoti Julayi wabwera ndi kamvula kake kowaza kaja, moti zovala zikumatha masiku awiri pachingwe osauma.

Unandifunsa kuti ndikukwanitsa bwanji kudyetsa anthu asanu ndi mmodzi zinthu zitakwera chonchi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya ndiwo imangothera m'manja usanatuluke n'komwe mumsika wa Zigwagwa. Koma chimene chandipulumutsa si kumana anthu chakudya ayi. Ndinangosiya kuumirira maphikidwe amene mayi anandiphunzitsa ku Dedza, n'kuyamba kuyang'ana zimene zikutsala m'mbale.

Nkhondo yaikulu inali pa nsima. Bambo a ana, monga ukudziwa, ndi a ku Nkhata Bay, ndipo akapanda kudya kondowole amati sanadye. Ana nawo amati imanunkha komanso imamata m'manja. Ndiye ndinkaphika miphika iwiri tsiku lililonse, makala n'kumatha, mitanda n'kumatsala uku ndi uku. M'mawa wina ndinapeza mitanda isanu itachita nkhungu m'bakuli, mtima unandipweteka kwambiri. Tsopano ndimaphika mphika umodzi: makapu atatu a mgaiwa, kapu imodzi ya ufa wa chinangwa. Wachinangwawo ndimathira kumapeto, phala litawira kale, chifukwa suchedwa kugwirana. Nsima yake imatuluka yofewa, yonanda pang'ono, ndipo fungo lija silimveka kwenikweni. Bambo anayamba adandaula sabata yoyamba, pano amapempha mtanda wachitatu.

Usipa nawo unali ndi mlandu wake. Wamng'ono uja ankautola umodziumodzi n'kuunjika pambali pa mbale, ati mitu ikuwawa. Pano mituyo ndimaidula, ndimaikazinga popanda mafuta mpaka iume gwa, kenako ndimaisinja pamodzi ndi mtedza. Nsinjiro imeneyo ukatendera nayo nkhwani kapena chigwada, mwana yemwe uja amanyambita zala osadziwa kuti akudya zimene ankakana.

Mkute sutayidwanso. Ndimaufumbutula m'madzi ofunda, n'kuuwiritsa, ukazizirako ndimathira chimera, mawa lake ndi thobwa. Nthochi zikapsetsa mpaka makoko kuda, zimapita ku zitumbuwa za ana opita kusukulu. Zosapsa zija mnansi wanga wa ku Karonga anandiphunzitsa kuphika mbalagha, ndipo nyama yochepa yotsala dzulo imakwanira banja lonse.

Chimene chinandivuta ndi mfutso. Kwathu ku Dedza tinkangofutsa masamba n'kuyanika pamphasa, koma kuno chinyezi chake sichilola. Chaka chatha dengu lonse la khwanya linavunda ndikuona. Tsopano ndimayanika pathandala pafupi ndi mbaula, ndipo ochuluka ndimadikira dzuwa la Seputembala ndi Okutobala.

Nanga iwe kumeneko, ana ako anazolowera ufa wa m'sitolo uja? Mlamu wako wina akwera basi yobwera kumeneko mwezi wamawa, ndimupatsira kabotolo ka nsinjiro ya usipa ija ndi mpunga pang'ono wa Kilombero. Nsinjiroyo uzithira supuni ziwiri zokha, masamba atatsala pang'ono kupsa, ndipo mchere uyambe walawa usanawonjezere.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako wa kalekale,
Amake Tadala