Za masatifiketi apadera aja, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo maphunziro akuyenda. Ife tili bwino, kungokusowa basi. Uthenga wako ndauwerenga mofatsa. Wati dipatimenti yanu ikupereka masatifiketi apadera mkati mwa digiri ya psychology (maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu): ya zamilandu, ya kakulidwe ka ana, ya anthu pa ntchito, ndi ya matenda a maganizo. Watinso anzako ambiri akuthamangira ya zamilandu, ena mpaka akufuna kutenga awiri nthawi imodzi, ndipo iwe ukuopa kutsalira. Nkhaniyi ndi yayikulu kuti tiyikambe pafoni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere.

Uyambe wadziwa chimene pepalalo lili. Satifiketi yotere ndi makosi angapo amene aphunzitsi awasonkhanitsa pa mutu umodzi n'kuwapatsa dzina. Ukawamaliza, dzinalo limaoneka pa chikalata cha zotsatira zako. Koma silikupatsa chilolezo chothandiza odwala. Ku America, m'madera ambiri munthu amafunika digiri ya PhD kapena PsyD, maola ochuluka akugwira ntchito moyang'aniridwa, ndiponso kukhoza mayeso a EPPP asanapatsidwe chiphaso cha psychologist. Ku Britain, kuyambira 2009 bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, lomwe lero limatchedwa HCPC, ndi limene limalembetsa akatswiriwa, ndipo munthu wosalembetsedwa akadzitcha clinical psychologist (wa matenda a maganizo) kapena forensic psychologist (wa zamilandu) walakwira lamulo. Ku South Africa bungwe longa lomweli, la HPCSA, limafuna digiri yachiwiri, chaka chogwira ntchito pansi pa katswiri, ndi mayeso akeake. Konseko satifiketi ya mu digiri yoyamba payokha siitsegula khomo.

Ndikukuuza izi chifukwa ndimaudziwa mtima wako. Tsiku lina kudzabwera munthu wosweka mtima, atamva kuti unaphunzira za matenda a maganizo, ndipo adzafuna kuti umuchize. Iwe sudzafuna kumubweza. Udzamumvetsere, udzakhale naye, udzamuperekeze kwa amene ali ndi ukatswiri ndi chilolezo, koma usadzalole kuti makosi ochepa akunamize kuti ndiwe sing'anga wa maganizo. Munthu wovutika akagwera m'manja mwa wodziwa theka, amavulala kawiri.

Sindikunena kuti masatifiketiwa ndi achabe, ayi. Psychology yakula kwambiri kuchokera pamene katswiri wa ku Germany, Wilhelm Wundt, anatsegula labotale yake ku Leipzig mu 1879. Bungwe la American Psychological Association, limene linayamba mu 1892, lero lili ndi nthambi 54. Palibe amene angaphunzire zonsezo m'zaka zochepa za digiri yoyamba, choncho kusankha mbali imodzi n'kuilowa mozama n'kwanzeru. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi china. M'uthenga wako munali kachiganizo kakuti ukatenga masatifiketi awiri ungasiye kosi yachiwiri ya statistics (luso losanthula manambala a kafukufuku) ndi ya njira zochitira kafukufuku, popeza izo n'zosakakamiza. Pamenepo ndiye ndaima. Mwana wanga, usazisiye zimenezo.

Taona nkhani ya zamilandu yomweyo imene anzako akuikonda. Mu 1974 ochita kafukufuku awiri, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya galimoto. Gulu lina analifunsa kuti galimotozo zinkathamanga bwanji pamene zinkagundana, gulu lina analifunsa kuti zinkathamanga bwanji pamene zinkaphwanyana. Patatha sabata anawafunsa onse ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 amene anamva za kuphwanyana, 16 anati anawaona. Mwa 50 amene anamva za kugundana, anavomera 7 okha. Chonsecho mu kanemamo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi. Kafunsidwe kokha kanasintha zimene anthu ankakumbukira. Tsono ganizira mboni ili m'bwalo la milandu, ndipo ufulu wa munthu wadalira pa zimene ikukumbukira. Nzeru yaikulu chotere inatuluka bwanji? Inatuluka chifukwa anthu awiri ankadziwa kugawa magulu, kusintha chinthu chimodzi chokha n'kusiya zina zonse mmene zilili, kenako kuwerengera ngati kusiyanako n'kwenikweni kapena kwangochitika mwamwayi. Luso limenelo ndi limene ukufuna kulisiya kuti upeze dzina lakuti zamilandu pa pepala.

Palinso china. Mu 2015 gulu lalikulu la akatswiri linafalitsa mu magazini ya Science zimene linapeza litabwereza kafukufuku 100 wa psychology amene anali atasindikizidwa kale. Pa kafukufuku woyambirirayo, 97 anali atanena kuti apeza zotsatira zooneka. Atamubwereza, zinaonekanso mwa pafupifupi 36 pa 100 alionse. Ndiye kuti zina zimene ukuziwerenga m'mabuku lero zidzagwa mawa. Amene anangoloweza mitu adzatsala manja ali m'khosi, koma amene amatha kutsegula lipoti n'kufunsa kuti anthu anali angati, anasankhidwa bwanji, anayezedwa ndi chiyani, adzayendabe ngakhale mabuku atasintha.

Pa ntchito yanga ndinkakhala nawo pa gulu lofunsa anthu ofuna ntchito. Ndimakumbukira mnyamata wina amene mapepala ake anali odzaza mayina okongola a makosi. Titamufunsa kuti atiuze chinthu chimodzi chimene anachichitapo yekha, anayang'ana pa tebulo n'kuyamba kutchula mitu ya maphunziro. Tsiku lomwelo kunalowa mtsikana wopanda satifiketi yapadera iliyonse. Iye anafotokoza mmene anakonzera mafunso a kafukufuku, mmene anawayeserera pa anthu ochepa n'kuona kuti funso lina aliyense ankalimva mosiyana, ndi mmene analilemberanso mpaka linamveka. Ankalankhula manja akuyenda, ngati pepalalo lili patsogolo pake. Tonse tinasiya kulemba n'kumamumvetsera. Ntchito anaitenga ndi iyeyo.

Choncho ukapita ku dipatimenti, usakangofunsa mayina a masatifiketi. Ukafunse ngati makosiwo akuwerengedwa mkati mwa digiri yako kapena akuwonjezera semesita ndi fizi. Ukafunse ngati amaphunzitsidwa chaka chilichonse, chifukwa kosi imodzi ikasowa mphunzitsi ukhoza kumaliza digiri satifiketi ili yosakwanira. Koposa zonse, ukafunse ngati muli ntchito yeniyeni: kodi udzalowa mu labotale, udzakhala kusukulu ya ana, kuchipatala kapena kundende pansi pa munthu wokuyang'anira, kapena ndi zongomvera m'kalasi? Satifiketi yokhala ndi ntchito yotere ndi yamtengo wapatali, chifukwa imakupatsanso mphunzitsi amene wakuona ukugwira ntchito. Podzafunsira digiri yachiwiri, kalata ya mphunzitsi wokudziwa bwino imalemera kuposa mzere wina uliwonse pa chikalata chako. Uonetsetsenso kuti makosi apaderawa sakukankhira kunja maphunziro ofunika amene mabungwe ovomereza digiri amawayang'ana.

Za kutenga awiri, ine ndikuti ayi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Udzatopa, magiredi adzatsika, ndipo magirediwo ndi amene amayamba kuonedwa ndi osankha ophunzira a digiri yachiwiri. Ya zamilandu uifufuze kaye bwino usanatengeke ndi anzako. Zimene amaonetsa pa wailesi yakanema, munthu akungoyang'ana chigawenga n'kudziwa za mumtima mwake, si zimene zimachitika tsiku ndi tsiku. Ntchito yeniyeni ndi kuwerenga mafayilo aatali, kucheza ndi akaidi kapena ana a m'mabanja osweka, kuyeza, ndi kulemba malipoti amene loya adzawang'ambe ndi mafunso. Ngati zimenezo zikukukoka mtima, itenge ndi manja awiri. Ine ndimaona kuti uli ndi kuleza mtima kwapadera ndi ana, ndipo ya kakulidwe ka ana ingakukhale bwino, koma amenewo ndi maso a mayi. Wosankha ndiwe, ndipo ngakhale utasankha kusatenga iliyonse n'kuika mphamvu zako pa kafukufuku wa chaka chomaliza, ine ndidzakhutira.

Upite kwa mlangizi wa dipatimenti kalembera asanatsekedwe, ndipo ngati n'kotheka ucheze ndi wina amene anamaliza satifiketi imene ukuifunayo kuti akuuze zimene akuchita lero. Ukamva zonse undiimbire. Ngati pali ndalama zowonjezera, usadzivutitse wekha, tidzakhala pansi ndi bambo ako n'kuona pogwira. Uzigona mokwanira. Abale ako onse akupereka moni.

Ndatha ine,
Mayi ako