Ndinadya ndalama zimene mwana wanga wosewera baseball anandisungitsa

Zikomo Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 49. Kwathu ndi ku Phalombe koma ndakhala ku Indiana, kuno ku America, zaka zoposa 20, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku. Nkhani yangayi sindingaiuze Amalawi anzanga a kuno, chifukwa chimene wanong'oneza mnzako kutchalitchi Lamlungu, pofika Lachiwiri chimakhala chamveka kale ku Ndirande. Ngakhale bambo akunyumba sakudziwa.

Tili ndi mwana wamwamuna wa zaka 20, wobadwira konkuno, amene ntchito yake ndi kusewera baseball. Poti kumudzi masewerawa ndi achilendo, ndifotokoze pang'ono. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina n'kukamenya ndi chibonga, anzake a woponyayo atamwazikana m'bwalo kudikira kukawakha. Atatu amaima kutali, chakumpanda, ndipo amenewa ndiwo ma outfielder. Wanga amaima pakati pa atatuwo, malo amene amapatsa munthu waliwiro.

Mu July 2023, atangomaliza sekondale, timu ina ya Major League Baseball inamusankha pa draft. Matimu alipo 30 ndipo amasankha mosinthana maulendo 20. Iye dzina lake linatuluka paulendo wa 14. Apa anali atapeza kale malo ku koleji ina yomwe inati imulipirira sukulu. Bambo ake anati sukulu kaye. Mwana anati akalowa koleji ya zaka zinayi, malamulo samulola kusankhidwanso mpaka patapita zaka zitatu, nanga akathyoka mwendo pakatipa? Ine ndinaima mbali ya mwana. Tinakangana sabata yathunthu, bambo ake mpaka kumagona pabalaza, koma mapeto ake anasaina. Anamupatsa $150,000.

Boma litadula msonkho, agenti n'kutengapo yake, mwana anagula kagalimoto kakale. Kenako anabwera kukhitchini ndikuphika, n'kundiuza kuti, "Amayi, $60,000 iyi mundisungire inuyo, ine ndingaiwononge." Inalowa mu akaunti yanga.

Alangizi, chaka chimenecho ndi chija cha namondwe wa Freddy. Nyumba ya mayi anga inagwa mu March, iwo n'kumakhala kwa mchemwali wanga, anthu 9 m'zipinda ziwiri. Ndinati ndibwereke pang'ono pa ndalama ya mwana ndiwamangire, ndibweza ndi maovataimu. Mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa simenti ndi malata n'kuthawa, mmisiri n'kusintha mawu. Ndinatapanso. Chaka chotsatira mlongo wanga anamwalira ku Johannesburg, ndipo pa gulu la WhatsApp la banja funso loti maliro afika bwanji kumudzi linangolunjika kwa ine. Wina analemba poyera kuti, "Si paja mwana wanu ndi katswiri ku America?" Kenako fizi ya ana awiri amasiye amene mlongo wangayo anasiya. Palibe tsiku limene ndinakhala pansi n'kuganiza kuti ndidye ndalama ya mwana. Inangotha ngati ufa wa m'thumba lobooka. Lero mwatsala $17,400.

Abale akumudzi amaona chithunzi chake atavala yunifolomu n'kumaganiza kuti ndi mmodzi wa aja a pa TV. Kumeneko, mu ligi yaikuluyo, wolandira zochepetsetsa mu 2025 ankapeza $760,000. Koma kuti ukafikeko pali makwerero: Rookie, Single-A, High-A, Double-A, Triple-A. Mwana wanga anayambira pansi penipeni ku Arizona, kusewera dzuwa likuswa mtengo popanda ndi oonerera omwe, ndipo chaka chino ndi pamene wakwera kufika mu Single-A. Malipiro ake sapitirira kwenikweni $26,000 pachaka, ndipo akuti zimenezi n'zabwinoko kale, chifukwa osewera a m'maligi ang'onoang'onowa asanalowe mu union mu 2022 ankalandira zosakwana theka la pamenepa. Ine wosintha matewera a nkhalamba ndimamuposa.

Mu August ndinapempha tchuthi, ndinayendetsa galimoto tsiku lonse kukamuona. Chapakati pa masewero mnyamata wina anamenya mpira umene aliyense anaona kuti wapita. Mwana wanga anatembenuka osayang'ananso kumbuyo, chipewa n'kugwa, anathamanga ngati akudziwa kale pamene ukagwere, n'kuuwakha cha paphewa, kenako n'kudziwombetsa kumpanda. Bwalo lonse linaimirira. Ine ndinaimba nthungululu, azungu oyandikana nane mpaka kudzidzimuka.

Koma itafika nthawi yoti amenye, zinali zomvetsa chisoni. Katatu konse anabwerera osaukhudza mpira. Wowongoka amaumenya, ngakhale ubwere pa liwiro la mamailosi 95 pa ola. Umene wamusowetsa mtendere ndi uja wokhota, umene umabwera ngati ukulunjika pachifuwa n'kugwera pansi mwadzidzidzi. Oponya onse a mu ligi anadziwa, ndiye amangomupatsa womwewo. Ku sekondale ankagwiritsa chibonga chachitsulo chimene chimakhululuka ngakhale waumenyera pambali, kuno n'chamtengo. M'masewerawa womenya bwino katatu pa maulendo 10 alionse, amene amalemba kuti .300, ndiye katswiri. Wanga wamaliza chaka ndi .204.

Usiku umenewo tinakhala m'galimoto pamalo oimikapo magalimoto, akudya nsima ndi nyemba zimene ndinamutengera m'kontena. M'manja mwake munali matuza ena ophulika, ena ouma, moti ankatema nsima ndi nsonga za zala. Amasewera masiku 6 pa sabata, Lolemba lokha ndiye lopuma, nalonso nthawi zambiri limathera m'basi. Anandiuza kuti mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wa ku Dominican Republic, anaitanidwa mu ofesi m'mawa wina, pofika masana bedi lake linali lopanda zofunda. Kenako anaseka n'kunena kuti Aaron Judge anamenya .179 pamene ankayamba mu 2016, chaka chotsatira n'kumenya ma home run 52, ija mipira youluka mpaka kudumpha mpanda. Ine ndinakumbukira Gift Ngoepe wa ku South Africa, woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yaikuluyo, amene anasaina mu 2008 n'kudzafika mu April 2017. Sindinamuuze. Zaka zonsezo ndani angamudikire mwana wanga akumenya .204?

Tsopano madzi afika m'khosi. Season inatha mu September, mwana ali pakhomo pano. Sabata yatha anandipeza ndikuvala nsapato zopita kuntchito, n'kundiuza kuti wapeza mphunzitsi wapadera wa kamenyedwe, kumalo kumene amajambula munthu ndi makamera n'kumuonetsa pamene thupi lake likulakwitsa. Akufuna akakhaleko miyezi itatu asanapite ku spring training, zokonzekera za timu season isanayambe, mu March, kumene amati kumachotsedwa anthu ambiri. Mphunzitsi, nyumba ndi chakudya, zonse akuti $20,000. Anati, "Mungondipatsako pa ija, yotsalayo ikhale ya sukulu zikakanika." Ndinayankha kuti banki imafuna masiku angapo. Ndinanama mwana wanga akundiyang'ana m'maso, iye n'kundithokoza.

Chiyambire tsikulo tulo sindikuliona. Ndaganiza zokatenga ngongole kuti ndikwanitse $20,000 ija, iye apite osadziwa kanthu, ine ndizibweza mwakachetechete. Koma nanga $40,000 imene akuiwerengera kuti ilipo? Ndikamuuza panopa, ndikuopa kuti apita ku spring training mutu uli pa ine osati pa mpira, ndipo akachotsedwa ndidzakhala ndamulanda ziwiri, ndalama ndi mwayi. Ndikadikira, bodza likukula. Kwinaku mtima wina umandiuza kuti sindinagule nsalu kapena galimoto, ndinafolera agogo ake enieni, ndinaika malume ake m'manda. Kwathu zimenezi sitimazitcha kuba. Koma mwanayu anakulira kuno, agogo akewo anawaonapo kawiri kokha, ndipo anandipatsa kuti ndisunge, osati kuti ndigawe. Ndikanamupempha mwina akanavomera. Sindinamupemphe chifukwa ndinkaopa kuti akana.

Ndiye pali bambo ake. Iwo mpaka lero amati mwana anataya sukulu chifukwa cha ine, ndipo akangomva .204 amangopukusa mutu. Amadziwa kuti ndinamanga nyumba kumudzi koma amayesa ndi ndalama za chipereganyu cha amayi a kuntchito. Akamva zoona, sindikudziwa ngati banja lilimbe.

Ndithandizeni, Alangizi. Ndiyambe kuuza ndani, mwana kapena bambo ake, kapena ndiwakhazike pansi onse pamodzi? Ndinene panopa kapena ndidikire April adziwe kaye ngati akadali pa timu? Nanga abale akumudzi ndiwaletse bwanji popanda kunyazitsa mwana wanga kuti si katswiri amene akumuganizira? Dzulo lomweli mchemwali wanga watumiza uthenga woti fizi ya teremu ikubwerayi yakwera, ndipo mwana wandifunsanso m'mawa uno ngati a banki ayankha.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Indiana, USA