Nkhani zifupizifupi za ku Israel bwanji sizifika kwathu?

Akonzi,

Amalawi ambirife kuno ku Johannesburg tikangomva Israel timaganiza za m'Baibulo kapena mabomba a pa TV basi. Koma tawerengani Etgar Keret, mlembi wa ku Israel wobadwa 1967, makolo ake anapulumuka Holocaust (kuphedwa kwa Ayuda miyandamiyanda pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse), nkhani yake masamba awiri atatu yatha koma mumo muli anyamata olowa usilikali ali ndi zaka 18, madalaivala a basi, mabanja okanganirana zazii, umaseka ndithu komatu mantha ali pompo.

Sayed Kashua nayenso, Mwarabu wa m'tauni ya Tira ku Israel komweko, ankalemba mu nyuzipepala ya Haaretz m'Chiheberi za kuonedwa mlendo. Ife bola, amatifunsa pasipoti m'dziko la eni, iyeyo ndi kwawo.

Tamasuliraniko imodzi m'Chichewa, chonde.

Wowerenga wanu,
Johannesburg