Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zamigodi: lamulo lifike moto usanayake

Olemekezeka a Nduna,

Landirani ulemu wanga. Ndalemba poyera chifukwa ndatopa ndi yankho lomwe ndimamva ndikafunsa za kuwotcha gasi pa zitsime za mafuta: akuti Zambia ilibe chitsime chotulutsa mafuta, ndiye tidandaulirenji? Komatu ziphaso zofufuzira zimaperekedwa. M'zaka za m'ma 1980 anakumba zitsime zofufuzira ku chigwa cha Luangwa, ndipo mu 2017 kampani ya Tullow inayamba kafukufuku wa pandege kumpoto. Tsiku lina wina adzawapeza mafutawo.

Akawapeza amayamba ayesa chitsime. Amachitsegula kuti aone mphamvu ndi kuchuluka kwa zotuluka, ndipo poti mapaipi amakhala kulibe, gasi wotuluka ndi mafutawo amangomuyatsa. Kuyesako kungathe m'masiku ochepa, koma boma likapanda kuika malire kumafika miyezi. Mwaye umagwera m'minda ndi m'madzi, ndipo gasi wosapsa bwino amathawira m'mlengalenga.

A Nduna, mukudziwa mmene tinakhalira muno mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba. Malaiti ankabwera pakati pa usiku, nthawi zina osabwera n'komwe. Ku Kanyama, Chawama ndi Matero amayi ankadzuka kusanache kukupiza mbaula, mwana kumsana akutsokomola, thumba la malasha likukwera mtengo. Mvula ikamagwa mbaula imalowa m'nyumba ya chipinda chimodzi, momwemonso mukugona ana, ndipo utsi wake umapha munthu ali m'tulo. Wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga ankagwira ntchito usiku, podikira magetsi. Anthu amenewa mudzawauza chiyani akadzamva kuti m'dziko lawo lomwe gasi akungoyaka usana ndi usiku, osaphikira ngakhale mphika umodzi wa nsima?

Musatiuze kuti tidzakonza m'tsogolo. Nigeria inaletsa kuwotcha gasi kuyambira 1984, koma inasiya mpata wa zilolezo ndi chindapusa chochepa, ndipo ku Niger Delta moto ukuyakabe. Kwathu kuno mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, ana akadali ndi mtovu m'magazi. Mu February 2025 asidi wochokera ku mgodi anatayikira mu mtsinje wa Kafue, anthu a ku Kitwe n'kusowa madzi. Nthawi zonse malonjezo amabwera zinthu zitaonongeka kale.

Ndikudziwa kuti moto pang'ono sungapeweke pomwe pali ngozi ya kuphulika, ndipo sindikutsutsa kufufuza mafuta. Pempho langa ndi ili. Pansi pa lamulo la mafuta la 2008, lembani m'chiphaso chilichonse masiku ndi mlingo wa gasi womwe kampani ingawotche poyesa chitsime. Pakhale mita yoyeza, ndipo ziwerengero zake ziziperekedwa ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi kuikidwa poyera. Kampani yofuna kuyesa nthawi yaitali ionetse kaye mmene idzagwiritsire ntchito gasiyo, kaya kuyendetsa majenereta kapena kumubwezera pansi. Mafumu ndi anthu okhala pafupi auzidwe moto usanayatsidwe, m'chinenero chawo. Chindapusa chikhale chokwera kuposa ndalama zomwe kampani ingapulumutse pongowotcha.

Tiuzeni ku Nyumba ya Malamulo tsiku lomwe malamulo amenewa adzatuluke, ndipo chiphaso china chisasainidwe asanatuluke.

Ine wanu,
Nzika yokhala ku Matero, Lusaka