Kalata kwa mphwanga: akatswiri a NBA a chaka chimene unabadwa

Wokondedwa mphwanga,

Muli bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito yachuluka. Amayi ako anandiuza pa foni kuti masiku ano ukaweruka kusukulu sufikira kunyumba, umayamba wadzera kubwalo la basketball, ndipo umabwera madzulo malaya ali fumbi lokhalokha. Nditamva ndinasangalala kwambiri. Anandiuzanso funso limene unawatuma kuti andifunse, lakuti m'chaka chimene unabadwa wosewera wopambana onse anali ndani. Funso limeneli sindikanatha kuliyankha pa foni, chifukwa ine ndi bambo ako takhala tikukangana pa nkhani yomweyi kuyambira uli kumsana. Ndiye ndati ndikulembere, uwerenge pang'onopang'ono, ndipo pamene pakuvute uwafunse amayi ako.

Ligi imene ndikunena ndi ya NBA ya ku America. Ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera magemu 82 isanafike ndime yolimbirana chikho. Sizoni imene iwe unabadwira inayamba mu Okutobala 2015 ndi kutha mu Juni 2016. Unabadwa chaka chabwino, mphwanga, chifukwa sizoni ngati imeneyo ine sindinaionenso.

Ndiyambe ndi amene ndikuwaika m'munsi, ngakhale nawonso anali zimphona. Timu ya Oklahoma City Thunder inali ndi awiri, Kevin Durant ndi Russell Westbrook. Durant ndi wamtali ngati mlongoti, woonda, koma mpira ukachoka m'manja mwake umakalowa mwakachetechete. Chaka chimenecho ankagoletsa mapointi 28 pa gemu, chonsecho anali atangochira phazi limene linamukhazika pansi sizoni yapitayo. Westbrook yekha anali moto. Ankathamanga ngati wina akumuthamangitsa, kutola mipira yobwerera ikalephera kulowa mu ring'i, kupatsira anzake, kugoletsa, zonse yekha. Ine ndimaika Durant pa nambala 4 ndi Westbrook pa nambala 5, koma wina atawatembenuza sindingakangane naye. Chimene chimandipweteka ndi chakuti awiriwa anatsala pang'ono kuchotsa Golden State Warriors mu ndime yolimbirana chikho, mmene timu imafunika kupambana kanayi kuti ipitirire. Anatsogola magemu 3 kwa 1, kutsala imodzi yokha, kenako Klay Thompson wa Warriors anagoletsa mipira 11 ya mapointi atatu mu gemu yachisanu ndi chimodzi, ndipo Thunder inagonja magemu atatu otsatizana. Mu Julaye chaka chomwecho Durant anasamukira ku Warriors komweko.

Pa nambala 3 pali Kawhi Leonard wa San Antonio Spurs. Ameneyu salankhulalankhula, sadzionetsera, ndipo ana ambiri samutchula. Ntchito yake yaikulu inali kutchinga. Ankapatsidwa wosewera woopsa wa timu inayo kuti amuyang'anire, ndipo munthuyo tsiku limenelo ankavutika. Tenga lula yako ya masentimita 30 uyiyang'ane. Dzanja la Kawhi akalitambasula, kuchokera ku chala chachikulu kufika ku chaching'ono, limatsala pang'ono kukwana lula imeneyo. Chaka chimenecho anapatsidwa mphoto ya wotchinga bwino kuposa onse kachiwiri motsatizana, ndipo timu yake inapambana magemu 67. Pabwalo lawo anagonja kamodzi kokha isanafike ndime yolimbirana chikho. Ukamasewera ndi anzako, uyesere kuona amene amakonda kutchinga. Nthawi zambiri aliyense amafuna kuponya, ndiye mwana wokonda kutchinga aphunzitsi amamuona msanga.

Tsopano atsala awiri, ndipo apa m'pamene pagona mkangano wa ine ndi bambo ako.

Bambo ako amati woyamba ndi Stephen Curry wa Warriors, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Pabwalo la NBA pali mzere wokhota umene uli pa mtunda wa mamita 7 ndi pang'ono kuchokera pa ring'i, ndipo ukaponya uli kuseri kwa mzerewo, mpira n'kulowa, umapeza mapointi atatu. Sizoni ya m'mbuyo mwake Curry anagoletsa mipira yotere 286, ndipo panalibe munthu amene anafikapo pamenepo. Chaka chako anagoletsa 402. Taganiza, mphwanga, kudumpha kuchoka pa 286 kufika pa 402! Ankagoletsa mapointi 30 pa gemu, kuposa wina aliyense mu ligi, ndipo pa kulanda mipira analinso woyamba. Timu yake inayamba sizoni ndi kupambana magemu 24 osagonjako, ndipo inamaliza itapambana 73 ndi kugonja 9 okha. Mbiri yakale inali ya Chicago Bulls ya Michael Jordan, imene inapambana 72 mu sizoni ya 1995 mpaka 1996. Mphunzitsi wa Warriors, Steve Kerr, anali wosewera mu timu ya Bulls imeneyo.

Gemu imodzi ya Curry sindidzaiiwala. Munali mu Febuluwale 2016, ku Oklahoma City, nthawi yoonjezera itatsala masekondi ochepa, matimu ali ofanana. Curry anangodutsa mzere wapakati pa bwalo, kuponda kawiri katatu, n'kuponya ali kutali kumene mphunzitsi aliyense angakukalipire utayesa. Mpira unalowa. Anthu a m'bwalomo anangogwira kumutu. Pamapeto pa sizoni, onse 131 oponya voti ya MVP, kutanthauza wosewera wofunika kuposa onse, anasankha iyeyo pa malo oyamba. Zimenezi zinali zisanachitikepo mu mbiri ya NBA.

Amayi ako anandinong'oneza kuti ukudandaula chifukwa ndiwe wamfupi pakati pa anzako. Curry nayenso anali mnyamata wochepa thupi, ndipo makoleji akuluakulu a basketball anamudutsa, mpaka anakaphunzira ku Davidson, koleji yaing'ono. Ali wamng'ono ankaponya mpira kuchokera m'munsi chifukwa mphamvu zinali zochepa, ndipo anyamata aatali akanamamutchingira mosavuta. Bambo ake, Dell Curry, amene nawonso anasewerapo mu NBA, anamuthandiza kusintha kaponyedwe pa tchuthi china, ndipo kwa milungu ingapo ankangoponya pafupi ndi ring'i mpaka manja atazolowera. Iwenso usathamangire kuponyera kutali. Imirira pafupi, chigongono chikhale pansi pa mpira, uponye ndi nsonga za zala, ndipo ukagoletsa kakhumi usunthe phazi limodzi kubwerera m'mbuyo.

Ndiye ngati Curry anachita zonsezi, bwanji ine malume ako ndimamuika pa nambala 2? Chifukwa cha zimene ndinaona ndi maso anga usiku wina wa mu Juni, ndili m'nyumba mwanu momwemo.

Mu fainolo, Warriors inakumana ndi Cleveland Cavaliers ya LeBron James. Fainolo ya NBA si gemu imodzi ngati ya mpira wa miyendo. Amasewera mpaka timu imodzi itapambana kanayi. Warriors inatsogola 3 kwa 1, ndipo chiyambire panalibe timu imene inatsalirapo chotere mu fainolo n'kudzatenga chikho. Anthu ambiri anali atamaliza kale kuwerenga. LeBron anabadwira ku Akron, kufupi ndi Cleveland, ndipo chodabwitsa n'chakuti Curry nayenso anabadwira mu mzinda womwewo. LeBron anachoka ku Cleveland mu 2010 kupita ku Miami, anthu akwawo anakwiya mpaka ena kuotcha majezi ake, ndipo anabwerera mu 2014 kuti adzawapezere chikho. Mzinda wa Cleveland unali utakhala zaka 52, kuyambira 1964, osaonako chikho cha masewero akuluakulu. Ndiwo mtolo umene munthuyu anasenza.

Mu gemu yachisanu anagoletsa mapointi 41, mnzake Kyrie Irving 41 nayenso. Mu yachisanu ndi chimodzi LeBron anagoletsanso 41. Zinthu zinakhala 3 kwa 3, ndipo gemu yomaliza inali ya pa 19 Juni ku Oakland, kwawo kwa Warriors. Kwathu kuno inayamba cha m'ma 2 koloko usiku, kukucha Lolemba. Ndinali nditabwera kudzakuona, uli ndi milungu yochepa chabe. Kunkazizira kwambiri monga mwa Juni. Ine ndi bambo ako tinakhala pabalaza titafunda bulangete limodzi m'miyendo, tiyi ali mu fulasiki, TV titaitsitsa mawu mpaka pansi chifukwa amayi ako anatichenjeza kuti tikakudzutsa tikakugoneka tokha.

Kutatsala mphindi ziwiri, matimu anali 89 kwa 89, ndipo kwa nthawi yaitali palibe amene ankagoletsa. Onse anali atatopa, miyendo italemera. Kenako Andre Iguodala wa Warriors anatenga mpira n'kuyamba kuthamanga, anapatsira Curry, Curry anamubwezera, ndipo Iguodala anadumpha kuti angouika mu ring'i. Bambo ako anali atayamba kale kudzuka pampando. LeBron anali kumbuyo, kutali, ndipo ine pa TV sindinamuone n'komwe pamene ankayamba kuthamanga. Ndinangoona munthu watulukira m'mwamba, dzanja lake n'kuukhomerera mpirawo pa bolodi. Ndinakuwa osadziwa kuti ndakuwa. Iwe unalira kuchipinda, amayi ako anatuluka nawe atakukulunga mu shawelo, ndipo m'malo mobwerera kukagona anaima pakhomo kuonera nafe. Choncho masekondi omaliza a gemu imeneyo unalipo, mphwanga, ngakhale sungakumbukire.

Kutatsala masekondi 53, Kyrie Irving anaponya wa mapointi atatu, Curry ali patsogolo pake dzanja lili m'mwamba, ndipo unalowa. Gemu inatha 93 kwa 89. LeBron anagwada pansi n'kulira ngati mwana. Mu fainolo yonseyo iye anaposa osewera onse a matimu awiriwo pa kugoletsa, pa kutola mipira yobwerera, pa kupatsira anzake, pa kulanda ndi pa kutchinga mipira m'mwamba. Zinthu zisanu zonse munthu mmodzi.

Bambo ako amati sindichita chilungamo, chifukwa magemu 82 ndi ambiri kuposa magemu 7. Amakumbutsanso kuti Curry anavulala bondo mu Epulo ataterereka pamalo onyowa mu gemu ya Houston, komanso kuti Draymond Green wa Warriors analetsedwa kusewera gemu yachisanu ya fainolo. Zonsezi n'zoona, ndipo usamawatsutse akamanena. Pa voti ya MVP LeBron anali wachitatu, kumbuyo kwa Curry ndi Kawhi. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo panalibe wofanana ndi Curry, ndipo ana onse amene lero akuponyera kutali pabwalo lanulo akutsanzira iyeyo, ngakhale ena sakudziwa. Koma ine ndikafunsidwa kuti ndisankhe munthu mmodzi woti ndilowe naye mu gemu imene tikagonja zonse zatha, ndimatenga LeBron wa 2016. Anali atasewera pafupifupi gemu yonse, akanatha kuima pakati pa bwalo n'kunena kuti Iguodala wapita kale, ndipo palibe amene akanamudzudzula. Iye anathamangabe. Kuthamanga kumeneko n'kumene kumandichititsa kumuika pamwamba.

Pali anthu awiri amene sali pa mndandanda wanga koma sindingatseke kalatayi osawatchula. Kobe Bryant wa Los Angeles Lakers anasewera gemu yake yomaliza pa 13 Epulo 2016, atakhala zaka 20 mu timu imodzi, ndipo anagoletsa mapointi 60. Unali usiku womwewo umene Warriors inapambana gemu yake ya 73. Winayo ndi Bismack Biyombo, mnyamata wa ku Lubumbashi m'dziko la Congo, kufupi ndi malire a Zambia. Ankasewera ku Toronto Raptors, ndipo mu gemu ina yolimbana ndi Cleveland yomweyo anatola mipira yobwerera 26, timu yake n'kupambana. Ukatenga mapu a Africa uone pamene pali Lubumbashi, upeza kuti si kutali kwenikweni ndi kwathu.

Uwapemphe bambo ako akuonetse pa foni yawo mavidiyo awiri, kuponya kwa Curry ku Oklahoma City ndi kutchinga kwa LeBron mu gemu yachisanu ndi chiwiri. Wachiwiriyo uuonere kangapo, ndipo usayang'ane mpira, uyang'ane pamene LeBron wayambira kuthamanga. Ukatero undilembere mndandanda wako wa anthu asanu ndi dzanja lako, undiuzenso chifukwa chimene waikira aliyense pamalo pake. Ukagwirizana ndi bambo ako palibe vuto, bola zifukwa zikhale zako.

Ndikubwera pa Khirisimasi ndi mpira wa saizi 5, woyenera manja ako, pamodzi ndi pampu yake. Amayi ako anandiuzanso kuti masamu akukuvutako, ndiye buku la masamu ulisunge pafupi, tidzawerengera limodzi mapointi a Curry. Upereke moni kwa amayi ako, bambo ako ndi agogo, ndipo ukamapita kubwalo uzitenga botolo la madzi.

Ndine,
Malume ako